Madontho Akuda pa Mundu wa Appachan

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Mtendere wa Ambuye ukhale pa inu ndi pa nyumba yanu. Ndisanayambe, ndiloleni ndithokoze Mulungu amene anatipatsa aliyense maso awiri, ngakhale ambirife timakumbuka kuthokoza limodzi litazima kale.

Ine ndine Jainamma, namwino pa chipatala chaching'ono cha maso, ulendo wa maola awiri pa boti kuchokera kumudzi kwa apongozi anga kuno ku Kuttanad, dera la ngalande ndi minda ya mpunga. Ntchito yanga ndi yokonza diso dokotala asanaligwire. Ndimayamba ndi mankhwala ochititsa dzanzi, kenako ndimadontheza ayodini wosungunula bwino m'disomo, n'kupaka wina pa zikope, m'nsidze, mpaka pa tsaya. Ndikatero ndimayang'ana wotchi kwa mphindi zitatu, kuti tizilombo tokhala m'mphepete mwa diso tife mpeni usanatsegule khomo. Ndatsuka maso osawerengeka. Koma diso limene ndinalipempherera koposa onse ndi la apongozi anga aamuna, a Pothen, amene tonse timawatcha Appachan.

Appachan akhala akusamalira tchalitchi chathu zaka zoposa makumi anayi. Ndiwo amaliza belu, kuyatsa makandulo a pa guwa, kugwedeza chofukizira lubani kumbuyo kwa ansembe, ndi kuwerenga makalata a atumwi tsiku la Mulungu. Diso lawo lakumanzere linafa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, ine ndisanakwatiwe m'nyumbamo. Kunabwera madokotala oyendayenda amene anachotsa ng'ala kwa anthu ambiri m'masiku awiri okha, n'kupita. Patatha masiku atatu diso la Appachan linatupa n'kudzaza mafinya. Pamene ankafika nawo ku tawuni, kunalibenso chopulumutsa.

Apongozi anga aakazi, a Aleyamma, amene timawatcha Ammachi, anali ndi yankho lawo pa nkhaniyi. Appachan akadya nkhanu milomo imatupa ndipo thupi lonse limachita zidzolo. Msuweni wina wogulitsa mankhwala anawauza kale kuti nkhanu ndi yodzaza ayodini, choncho ayodini asadzawakhudze mpaka kufa. Anawalembera zimenezi pa kakhadi, m'Chingerezi, ndi zilembo zikuluzikulu. Ammachi anakaonetsa kakhadiko kwa madokotala aja.

"Anandigwedezera mutu ngati ng'ombe," ankatero nthawi zonse, "kenako atatseka chitseko anam'paka. Ndi ayodini amene anadya diso lija."

Ndili mtengwa watsopano ndinayesapo kamodzi kuwatsutsa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ndipo sindinayesenso. Kakhadiko kankakhala m'buku lawo la mapemphero, kokulungidwa m'pulasitiki.

Tsiku lina la Mulungu, mvula itangoyamba, ndinali kumudzi. Ndinaima kumbali ya amayi, nsalu kumutu, tikuimba nyimbo yotsegulira. Appachan anakwera ku guwa ndi kamuni. Anayatsa kandulo yoyamba. Pa yachiwiri anagwira lawi pambali pa chingwe, mpata wa chala chimodzi, n'kudikira. Sinayake. Anadikirabe. Nyimbo inatha, tinaibwereza. Kenako ansembe anatambasula dzanja mwakachetechete n'kuwakankha chigongono pang'ono, kandulo n'kuyaka.

Kuwerenga anawerenga bwino, osaphonya ngakhale liwu. Koma ndinaona kuti anafika kumapeto osatembenuza tsamba.

Masana tikudya chinangwa ndi nsomba ya tsabola, ndinakweza dzanja.

"Appachan, zala zingati izi?"

"Mole," anatero, monga amandiitanira ngati mwana wawo wobereka, "pa tebulo timawerenga madalitso, osati zala."

"Zingati?"

"Zokwanira kudyera. Idya."

"Zitatu, Achaya!" Ammachi analowerera, akuwaitana monga awaitanira zaka makumi asanu. "Mwanayu wakweza zitatu. Dzulo munapereka moni kwa mtengo wa kokonati wa pa doko, mpaka kuufunsa za ana."

"Unali waulemu kuposa anthu ena a m'nyumba muno, Aley. Sunandidule mawu."

Tinaseka tonse, koma Ammachi anasiya kuseka msanga. Anawachotsera minga m'nsomba, n'kuwakankhira mbale pafupi ndi dzanja, ndipo ndinazindikira kuti akhala akuchita zimenezi kwa miyezi.

Lachitatu ndinabwera nawo ku chipatala. Dokotala Vasanthi, amene ndagwira nawo ntchito zaka zambiri, anaunika disolo nthawi yaitali.

"Ng'alayi yakhwima kwambiri," anatero. "Yayamba kufufuma. Tikaisiya, idzapanikiza diso mkati, ndipo mtsempha woonera ukafa sudzukanso. Sindikunena za chaka chamawa, Appachan. Ndikunena za masabata."

Ammachi anatsegula buku la mapemphero, n'kuika kakhadi pa tebulo ngati munthu woika tayitolo ya munda. Dokotala anawerenga, n'kundiyang'ana, n'kumwetulira.

"Ammachi, chimene chimatupitsa milomo chili mu mnofu wa nkhanu, si ayodini ayi. Alipo anthu ochepa amene khungu lawo limakanadi mankhwala athuwa, ndipo kwa iwo timagwiritsa ntchito ena. Koma wodwala nkhanu sali m'gulu limenelo chifukwa cha nkhanuyo. Diso latsala limodzi, linzake linapita ndi mafinya. Ndikufuna kulitsuka ndi mankhwala amene ndimawakhulupirira koposa."

"Mwaphunzira kwambiri, Dokotala, Mulungu akudalitseni. Koma inu simunakhale naye masiku atatu akulira ngati mwana."

"Chabwino. Ndikalonjeza kugwiritsa ntchito enawo?"

"Aja analonjezanso. Munthu wophimba kukamwa ndi nsalu sindidziwa ngati akunena zoona. M'chipinda mmene muli botolo lija, mwamuna wanga salowamo."

Dokotala anatembenukira kwa Appachan. "Diso ndi lanu, bambo. Mukuti bwanji?"

Appachan anaweramitsa mutu. "Diso ndi langa, koma amene amalitsogolera pa mlatho ndi uyu. Sindigona pa tebulo lanu iye ali panja ndi mtima wosweka."

Tikutuluka, dokotala anandigwira mkono. "Sisitala, uli ndi masabata awiri. Ukawalalikire. Paja nyimbo umazitha."

Ammachi analowa m'sitolo kukagula tiyi ndi sopo, ife awiri tinakhala pa benchi ya pa doko kudikira boti. Mvula inkawaza pang'onopang'ono. Ndinalankhula monga namwino: za mtsempha, za masabata, za maso zikwi amene ndatsuka popanda vuto. Appachan anandisiya ndimalize.

"Ndikudziwa, mole," anatero. "Sanandipake."

"Ndani?"

"Madokotala aja. Ndinagona pa tebulo, ndinamva ndi makutu angawa namwino akuuza mnzake kuti, 'Uyu ndi wa kakhadi uja, osam'paka.' Ananditsuka ndi madzi okha. Anamvera Aley bwino lomwe."

Ndinawayang'ana, iwo anapitiriza.

"Nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu. Ndinathokoza kuti amvera. Koma iwe utabwera m'nyumba mwathu n'kumatisimbira pa tebulo za mphindi zitatu zako zija, ndinayamba kuwerengera ndekha. Ndinali ndekha wosapakidwa. Ndinalinso ndekha amene diso linaola."

"Zaka khumi ndi ziwiri chibwerereni ine, Appachan, osanena?"

"Ndinene chiyani? Kuti Aley, kakhadi kako kaja, kamene unakanyamula pamtima ngati khanda? Iye akamatukwana madokotala amagona tulo. Ndikamuuza, adzatukwana ndani?" Anapukuta nkhope ndi nsalu ya paphewa. "Ndaona zokwanira pa dziko lino. Makalata a atumwi ndimawadziwa pamtima. Belu silifuna maso. Ndingakhale mu mdima, koma sindingathe kumuona iyeyo ali mu mdima."

"Simudzamuona konse mukapitiriza chonchi," ndinatero, misozi ili m'maso.

Anaseka pang'ono. "Pakamwa pako payamba kufanana ndi pa apongozi ako. Koma undilonjeze, mole. Usamuuze."

Ndinalonjeza, chifukwa Ammachi anali akubwera ndi ambulera yawo yakuda. M'boti monse ndinkangopempha mumtima kuti Iye amene anatsegula maso a wobadwa wosaona ndi thope la pansi andionetse njira yosadutsa pa bodza komanso yosadutsa pa mtima wa Ammachi. Sindinkaiona.

Ndinapempha tchuthi cha masiku awiri n'kutsala kumudzi. Mwamuna wanga Eapen amagwira ntchito kunja kwa dziko, ndipo pa foni anangoti, "Ukatha kutembenuza Ammachi, ndidzakulembera kwa abishopu." Ine ndimabwera kumudzi masiku a Mulungu okha, boti la m'mawa n'kubwerera la madzulo, kotero m'mawa wa pakati pa sabata wa m'nyumba imeneyo ndinali ndisanauonepo nthawi ya mvula.

Kutacha Lachinayi, Appachan anabwera kuchokera koliza belu, mundu wawo woyera, nsalu imene amuna kuno amamanga m'chiuno, ataupinda kufika m'mawondo, chifukwa njira yonse inali m'madzi. Anakhala pa sitepe ya khonde. Ammachi anatuluka ndi beseni, anawasambitsa mapazi, n'kuwapukuta chala chimodzichimodzi. Kenako anatenga kabotolo kakale ka mafuta a m'mutu, kopanda pepala, ndi nthenga ya bakha.

"Tambasulani zala, Achaya. Osagwedera."

"Ukundigirigisha."

"Mwamuna wa zaka makumi asanu ndi awiri kugirigishidwa ndi nthenga! Ndipo gwirani mundu wanuwo m'mwamba. Mukaudontheza lero, muchapa nokha."

Ndinali pa khomo ndi kapu ya khofi. Nthenga inatuluka m'botolo ili yofiirira. Fungo linandifika. Fungo limenelo ndimalinunkhiza tsiku lililonse la ntchito yanga, limakhala m'zala zanga ngakhale nditasamba katatu.

"Ammachi, ndi mankhwala anji amenewo?"

"A mapazi. Madzi amawadya pakati pa zala nthawi ya mvula, mpaka zilonda."

"Munawatenga kuti?"

"Chaka cha chigumula chachikulu chija, a zaumoyo anabwera pa bwato n'kutigawira m'timabotolo. Anathandiza. Akatha ndimapita kusitolo, ndimaonetsa mtundu wake, amandipatsa, ine n'kukhuthulira muno. Mapepala a pa botolo amamatuka ndi chinyezi, komanso ndi a Chingerezi, andithandiza chiyani?"

"Zaka zingati tsopano?"

"Zisanu ndi ziwiri, kapena zisanu ndi zitatu. Bwanji, wasanduka wapolisi?"

"Pa zilonda zotseguka?"

"Nanga ndipake pa denga?"

"Sanatupepo? Zidzolo, kuyabwa, kubanika?"

"Kutupa amatupa akamva kuti kwaya yaimba bwino iye kulibe. Koma ndi mankhwalawa ayi. Vuto lake ndi limodzi basi." Anakoka m'mphepete mwa mundu wa Appachan n'kundionetsa. "Taona. Mankhwala ofiirira, koma akagwera pa nsalu amasanduka akuda ngati inki. Ndavutika nawo zaka zonsezi."

Ammachi salola mwamuna wawo kuima ku guwa ndi nsalu yofooka. Mundu ndi nsalu ya paphewa amaziviika m'madzi otsala pophika mpunga, kuti zikauma ziime zolimba ngati pepala. Ndinayang'ana timadontho takuda tija, ndipo mtima wanga unayamba kuimba usanandifunse.

Ndinalowa kukhitchini. Mpunga wa m'mawa unali utangotsanulidwa. Ndinathira madzi ake m'timbale tiwiri toyera, ndinatenga m'chikwama changa kabotolo ka ayodini kamene ndimayenda nako ka mabala, n'kubwerera pa khonde.

"Ammachi, ili ndi botolo lija mumalida. Ndaliika kutali ndi Appachan, musaope. Muone chinthu chimodzi chokha."

Ndinadontheza dontho limodzi m'kambale koyamba. Madzi oyera aja anasanduka akuda mobiriwira nthawi yomweyo.

"Ayodini akakumana ndi madzi a mpunga amatero. Tsopano inu donthezani a mapaziwo m'kambale kachiwiri."

Anandiyang'ana mokayika, koma anaviika nthenga n'kuigwedeza pamwamba pa kambale. Dontho linagwa. Mtundu womwewo unafalikira m'madzimo. Ananunkhiza botolo lawo, ananunkhiza langa. Anabwereza kawiri.

"Ndiye kuti..."

"Ndi amodzi, Ammachi. Mwakhala mukuwapaka ayodini pa zilonda zaka zisanu ndi ziwiri, ndi dzanja lanu. Ndipo ndi amene awapoletsa."

"Ambuye Yesu!" Anagwira pachifuwa. "Ndikanamupha!"

"Ukanatha kale, Aley," Appachan anatero. "Mwayi unali nawo m'mawa uliwonse."

"Khalani chete inu!"

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, ndipo ndinathokoza kuti lonjezo langa silinasweke. Koma chimene Ammachi sanaphunzire ndi Chingerezi chokha. Kuwerengera amatha kuposa tonsefe. Anakhala pansi pa sitepe, akuyang'ana timbale tija, nthenga ili m'manja. Abakha anadutsa m'ngalande, iwo osatembenuka.

"Ngati ayodini samudya," anatero pang'onopang'ono, "chinadya diso lija n'chiyani?"

Anapitiriza okha, akuwerengera.

"Tsiku la madokotala oyendayenda aja amuna onse anavala nsalu zawo za tchalitchi, zoviika m'madzi a mpunga. Sabata yake, pochapira, akazi onse ankadandaula. Mnzanga Kunjannamma anationetsa nsalu ya paphewa ya mwamuna wake, madontho akuda okhaokha, pomwe ankapukutira tsaya. Enanso chimodzimodzi, mpaka mapilo. Ine ndinanyada." Anatembenuza nthenga m'zala. "Ndinawauza kuti wanga ndi waukhondo, nsalu yake yabwera yoyera mbee. Yoyera mbee, mole. Panalibe dontho."

Anatembenukira kwa mwamuna wawo.

"Sanakupakeni."

Appachan anayang'ana kumbali ya madzi, kumene sankaona kanthu.

"Achaya, ndikufunsa. Sanakupakeni, eti?"

"Sanandipake."

"Chifukwa cha kakhadi kanga."

"Aley..."

"Ndipo munkadziwa."

Sanalire mokuwa monga amalirira pa maliro. Anangopinda msana, nkhope m'mawondo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinagwada pambali pawo.

"Ammachi, mverani. Ndine namwino, sindingakunamizeni. Palibe munthu angalumbire kuti diso lija likanapulumuka akanapaka. Nthawi zina mafinya amabwera ngakhale tachita zonse. Anthu anali ambiri, masiku awiri okha, mvula, madzi akuda. Ndipo amene anayenera kufunsa bwino ndi iwo ophunzirawo, osati inu. Inu munamvera zimene munauzidwa."

"Koma mwina."

"Mwina. Chimenecho achidziwa ndi Mulungu yekha, ndipo Iye sanakusungireni mlandu."

Appachan anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mutu wa mkazi wawo. Anaphonya koyamba, anagwira khutu.

"Aley, tamvera. Diso lija linkaona zolakwa zako zokhazokha. Chichokereni, ndimakuona wokongola."

"Musandiseke lero."

"Sindikuseka. Unanyamula kakhadi kaja chifukwa unkandikonda. Wandisambitsa mapazi m'mawa uliwonse wa mvula, chinthu chimene ansembe amachita kamodzi pa chaka, komanso amasankha oyera kale. Ukufuna ndikuimbe mlandu wanji?"

"Zaka zonsezi ndikutukwana anthu osalakwa, inu muli phee!"

"Unkatukwana bwino. Ndinalibe mtima wokusokoneza."

Anadzutsa mutu n'kuwamenya pa bondo ndi nthenga ija, ndipo dontho lina linagwera pa mundu. Analiyang'ana likuda. Kenako anaimirira, analowa m'nyumba, anatuluka ndi buku la mapemphero. Anasolola kakhadi m'pulasitiki. Ndinaganiza kuti akang'amba, koma anandipatsa.

"Ukam'patse dokotala wako. Ukamuuze kuti nkhalamba ija yabweza mawu. Za nkhanu zokha asafufute, zimenezo n'zoona." Anapukuta maso. "Koma pali chimodzi. Wopaka ukhale iweyo. Ndipo usaumire."

Ndinafotokozera Dokotala Vasanthi zonse, za mapazi, za zaka zisanu ndi ziwiri, za timbale. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Komabe anaitanitsa botolo la Ammachi kuti alione yekha, anayang'ana pakati pa zala za Appachan, n'kufunsa mafunso ake onse mwadongosolo. Anachenjezanso Ammachi kuti a mapaziwo ndi okhathamira, asadzayerekeze kuwafikitsa ku diso kunyumba, chifukwa a m'diso timasungunula mwa muyeso wake, ndipo pali mtundu wina wa sopo umene sufika m'diso n'komwe.

"Mukundiona ngati wamisala?" anatero Ammachi.

"Ndikukuonani ngati munthu wokonda kwambiri," anayankha dokotala. "Amenewo ndi amene ndimawaopa."

Lachiwiri lotsatira, m'mawa, Appachan anagona pa tebulo. Ndinawaphimba, ndinadontheza mankhwala a dzanzi. Kenako ndinaika wotchi yanga pafupi.

"Mole," anatero pansi pa nsalu, "wotchi yako ija isiye. Ndikuimbira nyimbo ya pofukiza lubani. Ndaiyeza zaka makumi anayi, ndi mphindi zitatu ndendende, ansembe akapanda kuthamanga."

Ndinadontheza ayodini m'diso. Ndinapaka zikope, nsidze, mphuno mbali imodzi, mpaka pa tsaya. Iwo anaimba chapansipansi, milomo yokha, ine ndikuyang'anabe wotchi, chifukwa chikhulupiriro sichiletsa namwino kuyang'ana wotchi. Anamaliza patatsala masekondi khumi.

"Mwathamanga, Appachan."

"Ndiye tinene Ameni wautali."

Dokotala anagwira ntchito yake mwakachetechete. Sipanathe theka la ola.

Nditawatulutsa pa njinga ya odwala, Ammachi anali ataima pakhomo penipeni, buku la mapemphero lili m'manja. Sanafunse ngati zayenda bwino. Anasuzumira m'mphepete mwa bandeji, anaona khungu lofiirira m'makwinya a pa tsaya. Ndiye anatenga nsalu ya paphewa ya Appachan, yoviikidwa bwino m'madzi a mpunga, ananyowetsa ngodya ndi madzi a m'botolo lawo, n'kukhudza pa tsayapo, kutali ndi diso. Anaiyang'ana. Panatuluka kadontho kakuda.

"Wapaka," anatero, n'kupuma mozama. "Mwana wanga wapaka."

M'mawa mwake tinachotsa bandeji. Diso linali lofiira pang'ono, likutuluka misozi, monga amachitira onse. Appachan anaphethira nthawi yaitali. Anayang'ana zenera, anayang'ana ine, kenako anayang'ana Ammachi osachotsa diso.

"Mwangoti tong'o bwanji? Mukuona kapena ayi?"

"Ndikuona. Aley, unakalamba liti?"

"Tsiku limene ndinakwatiwa ndi inu. Zala zingati izi?"

"Zinayi. Ndipo chimodzi chili ndi ayodini."

Koma Ammachi sanasangalale tsiku limenelo. Kalelo diso loyamba lija linayamba kutupa tsiku lachitatu, ndipo iwo ankawerenga masiku. Anakana kubwerera kumudzi. Anakhala m'kachipinda kanga pafupi ndi chipatala, akusamba m'manja ndi sopo asanadontheze mankhwala aliwonse, akundifunsa kanayi pa tsiku ngati kufiirako kukuchepa. Tsiku lachitatu linafika n'kupita. Lachinayi. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri dokotala anaunika n'kunena kuti diso lili mbee, lopanda chizindikiro cha mafinya. Pamenepo Ammachi anakhala pa benchi ya pakhonde la chipatala n'kulira kulira konse kumene anakusunga, anthu akudutsa, iwo osasamala. Appachan anakhala pambali pawo atavala magalasi akuda, akuuza aliyense wodutsa kuti, "Musadandaule, ndi chimwemwe. Chisoni chake chimakhala chaphokoso kuposa apa."

Patatha mwezi ndi theka anabwerera ku guwa. Anayatsa makandulo onse khumi ndi awiri, iliyonse kamodzi. Powerenga anapunthwa kawiri, chifukwa tsopano ankawerengadi, ndipo anapeza kuti pali mawu ena amene pamtima anali atawasintha kwa zaka zambiri. Anatembenuza tsamba mokweza, kuti ine ndimve kumbali ya amayi.

Nsalu ya paphewa ija Ammachi sanaichape. Anadula ngodya ya kadontho kakuda n'kuiika m'pulasitiki muja munkakhala kakhadi. Ili m'buku lawo la mapemphero mpaka lero. Nkhanu m'nyumba mwathu sizilowabe.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu amene anati kuwale ndipo kunawala akusungireni maso anu ndi a okondedwa anu. Akakufikitsani pa tebulo la dokotala, akupatseni manja osamala okutsukani, ndi pakamwa ponena zoona zonse za thupi lanu. Ndipo ngati mwanyamula mlandu wa chinthu chimene munachita mwa chikondi, akupatseni munthu wokugwirani pamutu, ngakhale ataphonya n'kugwira khutu. Mtendere wake ukhale nanu. Ameni.